Kabokosi Kamene Mwana Wanga Anachonga

1

M'banja la a Loring mwana akabadwa, asanadziwe n'dzina lake lomwe, amamuveka kajuzi kobiriwira kolembedwa Kenmere pachifuwa. Agogo ake a mwamuna wanga anaphunzira pa koleji imeneyo. Bambo ake anaphunziranso pomwepo, ndipo mayi ake anali m'gulu loyamba la atsikana amene analoledwa kulowa. Mwamuna wangayo, Sumner, anamaliza mu 1997. Zithunzi zawo zinandandalikidwa pakhoma la masitepe kunyumba kwa apongozi anga, aliyense atavala mkanjo wakuda. Changa palibepo. Ndinkanena kuti chinatayika posamuka.

Dzina langa ndine Noreen, ndili ndi zaka 49, ndimakhala ku Connecticut. Zimene ndikufuna kuulula zinayamba kusomphoka Lamlungu lina mu Seputembala chaka chatha, tili pa chakudya chamasana kwa apongozi angawo.

Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tamsin, anagogoda tambula ndi foloko.

"Ndaganiza," anatero. "Ndilembera ku Kenmere, ndipo ndikufuna fomu yanga ipite ndi gulu loyamba, la mu Novembala."

"Waganiza?" anatero agogo ake, Mayi Loring, uku akudula nyama. "Panali choganiza apa? Nanga ukanapita kuti, kusukulu yometa tsitsi?"

Onse anaseka. Sumner ananyamuka n'kukamupsompsona mwanayo pamutu.

"M'badwo wachinayi," anapitiriza Mayi Loring. "Masiku ano amatenga mwana mmodzi pa ana khumi olembera, koma mwana wapakhomo amamuyang'ana kawiri. Iwe ndiye wapakhomo mbali zonse, kuchimuna ndi kuchikazi komwe." Anatembenukira kwa ine. "Si choncho, Noreen?"

"Ndi choncho, Mayi Loring."

Ndinali nditakhala mpongozi wawo zaka 24, koma sanandiuzepo kuti ndiziwatchula mwina. Ndinayang'ana Sumner kuti mwina andiyang'ana. Iye anali kalikiliki kupaka batala pabuledi wopakapaka kale.

2

Patatha masabata atatu, Loweruka m'mawa, Tamsin anakhazika kompyuta yake patebulo lakukhitchini ine ndikukanda ufa.

"Amayi, munamaliza mu 98, eti? Ndilembe dzina la kwanu, Thibodeau, poti nthawi imeneyo munali musanakwatiwe."

"Bwanji ungolemba bambo ako okha? Dzina la Loring n'lokwanira."

"Akufunsa makolo onse awiri. Taonani, pali kabokosi apa. Kodi kholo ili linaphunzira pa Kenmere, inde kapena ayi."

"Ungokasiya."

"Fomuyi siilola kupitirira usanachonge."

Ndinamva chala chake chikudina pa inde. Kunali kaphokoso kochepa kwambiri, koma manja anga anaima mu ufa.

"Kodi sukulu zina sunaziganizireko?" ndinafunsa. "Ku California kuli zabwino, ndipo kulibe chisanu."

"Mukundithamangitsa kodi?" Anaseka. "Khalani pansi, ndikuwerengereni kanthu. Amati tilembe chimangirizo chonena za munthu amene anatiumba. Anzanga onse akulemba za agogo awo omwalira, kapena za bondo limene anavulala pampira. Ine ndalemba za inu."

Ndinakhala pansi, ufa uli mbuu m'manja.

"Agogo anga akuchikazi anachapa zofunda za ophunzira a pa Kenmere zaka makumi atatu," anayamba kuwerenga. "Ankalowera khomo lakumbuyo. Mwana wawo wamkazi ankawadikirira pansi pa tebulo lositira, akuwerenga mabuku amene ophunzira ataya. Atakwanitsa zaka 18, mwana uja analowera khomo lakutsogolo, ali wophunzira. Mwanayo ndi amayi anga. Anthu amaganiza kuti ndikufuna Kenmere chifukwa cha dzina la Loring. Ine ndikufuna kuponda pamene anaponda Noreen Thibodeau."

Anawerenga mpaka kumapeto. Zonsezo anazimva kwa ine, pang'onopang'ono, kuyambira ali wamng'ono. Tebulo lositira linali loona. Mabuku otayidwa analinso oona.

"Amayi, mukulira?"

"N'chokoma, mwana wanga."

"Ndinadziwa kuti mulira," anatero monyadira, n'kundipukuta tsaya ndi mkono wa juzi yake.

3

Sumner ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusesa masamba oyoyoka.

"Wachonga," ndinamuuza. "Ndipo chimangirizo chonse n'cha ine."

Sanasiye kusesa. "Palibe amene amafufuza zimenezo. Amalandira mafomu zikwizikwi. Akaona Loring, basi."

"Nanga akafufuza?"

"Noreen, zaka zonsezi tapita kumikumano ingati ya anzanga akusukulu? Alipo anakukayikirapo? Amachita kukukumbatira, ati nkhope yako sangaiiwale."

"Ukudziwa chifukwa chake sangaiiwale."

Apo anaima n'kutsamira chosesera. Sumner ndi munthu wabwino mtima. Sanandikalipirepo, sanaiwalepo tsiku langa lobadwa. Koma pamaso pa mayi ake amasanduka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Timuuze Tamsin," ndinatero. "Lero, fomu isanapite."

"Ndiye alembe chiyani? Kwatsala masiku khumi. Ukufuna umuswe mtima pano, mayeso ali pakhomo? Ndipo akadziwa iye, amayi anga adziwa. Tamsin sasunga kanthu, chimaoneka pankhope."

"Ndiye tidikire mpaka liti?"

"Angolowa kaye. Akakhazikika tidzakhala naye pansi. Ndikulonjeza."

Lonjezo limeneli ndinalimva koyamba tisanakwatirane: ukwati ungodutsa kaye. Ndinalimvanso ndili ndi pakati: mwana angobadwa kaye. Kenako apongozi aamuna anadwala, kenako anamwalira, ndipo sizikanakhala bwino kuwonjezera chisoni pachisoni. Sindingamunamizire yekha. Nthawi iliyonse akati tidikire, ine mtima unkatsika.

Masiku khumi aja ndinayesa kanayi. Ndinkafika pakhomo la chipinda cha Tamsin, n'kumupeza akusintha liwu limodzi m'chimangirizo chija, n'kungofunsa ngati akufuna tiyi.

Pa 1 Novembala anatiitana tonse kuti tione akutumiza. Pansi pa fomu panali mawu akuti wolembayo akutsimikiza kuti zonse zimene walemba n'zoona. Analemba dzina lake lonse pamenepo, n'kudina.

4

Imelo inabwera patangotsala masiku awiri kuti tichite chikondwerero chothokoza cha Thanksgiving, pamene abale onse amadyera pamodzi. Inali yaifupi ndiponso yaulemu. Ofesi yosankha ophunzira inati yapeza dzina la bambo ake, koma dzina la Noreen Thibodeau silikupezeka m'kaundula wa 1998, ngakhale wa zaka zoyandikana nacho. Inapempha kuti titumize chithunzi cha digiri kapena nambala imene mayiyo ankadziwika nayo ali wophunzira.

"Alakwitsa kalembedwe," anatero Tamsin. "Dzina lanu lija aliyense amaliphonya. Digiri yanu ili kuti?"

"Ili m'makatoni ena ake. Ndiifuna."

Ndinakwera m'chipinda chapadenga n'kukhala ola lathunthu pakati pa makatoni, ndikusuntha zinthu kuti pansi azimva phokoso.

Pa Thanksgiving tinali anthu khumi ndi anayi patebulo la Mayi Loring. Ndinali nditamupempha Tamsin kuti asaitchule nkhaniyo. Anapirira mpaka nkhukundembo itadulidwa.

"Agogo, mukudziwa kuti a Kenmere ataya dzina la amayi?"

Mafoloko anaima. Msuweni wake wa Sumner anaseka. "Ataya bwanji? Noreen ine ndimamukumbuka. Tinkaphunzira limodzi mbiri yakale, kapena zachuma, chimodzi mwa ziwirizi."

"Ana a m'maofesi a masiku ano," wina anatero. "Chinthu chikapanda kutuluka pakompyuta, ndiye kuti kulibe."

Mayi Loring anapukuta pakamwa pang'onopang'ono.

"Nkhani zotere sizitha ndi imelo," anatero. "Lachiwiri ndipita ndekha ku Kenmere. Noreen, upita nane."

"Ndikhoza kukuperekezani ine, amayi," anatero Sumner.

"Dzina lako silinasowe. Udzakhala kuntchito. Noreen, ndidzakutenga seveni koloko."

Tamsin anandigwira dzanja pansi pa tebulo. "Mwaona? Agogo akapita, wina kumeneko aona zakuda."

Titafika kunyumba, Tamsin atalowa, Sumner anati, "Unene kuti wadwala."

"Ndidwala mpaka liti?"

Anatsika m'galimoto n'kulowa m'nyumba.

5

Kuchoka kwathu kukafika ku Kenmere ndi ulendo wa maola anayi. Mayi Loring ali ndi zaka 73 koma salola wina kugwira chiwongolero chawo. Titalowa m'chigawo cha Vermont, kumene kuli kolejiyo, chipale chofewa chinayamba kugwa. Wailesi sanayatse. Analankhula kawiri kokha, koyamba kudandaula za lole imene inkayenda pang'onopang'ono, kachiwiri kundiuza kuti ndichotse chikwama pamiyendo chifukwa ndikuoneka ngati munthu wodikira basi.

Ine ndinkayeseza mawu mumtima. Ndinkayang'ana chogwirira cha chitseko. Pamalo ena omwetsera mafuta ndinalowa m'chimbudzi n'kuima nthawi yaitali, ndikuganiza zotulukira khomo lina n'kungoyenda. Koma ndikanapita kuti? Nyumba, anzanga, tchalitchi, ngakhale dokotala wanga wa mano, zonse ndinazipeza kudzera mwa a Loring.

Tinalowa pachipata cha koleji cha m'ma 11 koloko. Ofesi yosankha ophunzira ili kumanja, m'nyumba yoyera ya nsanamira. Mayi Loring anakhotera kumanzere. Anadutsa laibulale, anatsika kamsewu kopapatiza kodutsa pa migolo ya zinyalala, n'kuima kuseri kwa holo yodyera, pamene malole amatsitsira katundu. Chitseko chachitsulo chinali chomwe chija, anangochipaka utoto wina.

Anazimitsa injini.

"Khomo lako ndi ili, si choncho?"

Fungo la mafuta okazingira ndi sopo wotsukira linkalowa ngakhale mawindo anali otseka.

Owerenga, ine sindinaphunzirepo pa Kenmere, ngakhale tsiku limodzi. Nditamaliza sekondale mu 1994, amayi anga anandipezera ntchito kukhitchini ya holo imeneyi. Zaka zinayi ndinkavala epuloni ndi kaneti kutsitsi, ndikugawa mazira m'mawa, mbatata yoponda masana, kenako n'kutsuka mathireyi. N'chifukwa chake anzake a Sumner amandikumbuka nkhope. Ankaiona katatu patsiku, koma palibe amene anayang'anapo kabaji ka dzina pachifuwa panga.

Sumner yekha anayang'ana. Ankabwera mochedwa dala kuti mzere ukhale utatha. Ankandibwereka mabuku, ndikuwerenga, tikumakangana za mabukuwo titakhala pamasitepe a khomo lomweli. Tsiku lomaliza maphunziro ake ananditengera ku chakudya ndi makolo ake, nditavala diresi yobwereka. Mayi Loring anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa kuti, "Iwe ndi wa chaka chiti?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Sumner anandiyambirira. "Amaliza chaka chamawa."

Ndikanatha kuseka n'kukonza pomwepo. Ndinangomwetulira. Bambo ake anandithirira vinyo n'kunditchula mwana wa Kenmere, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wa pa koleji ija anandifunsa maganizo anga pa nkhani ina osati ngati msuzi watsala. Zinandikomera. Paukwati wathu ndinawapempha amayi anga kuti akafunsidwa azingovomera. Anavomera, ndipo anamwalira akuvomerabe.

6

"Munadziwa liti?" ndinafunsa m'galimoto muja.

"Sabata yomweyo. Ndili ndi mabuku a mayina a chaka chilichonse. Sindinakupeze, ndiye ndinaimbira mnzanga wa mu ofesi. Anati Thibodeau alipo awiri, wina kochapira, wina kukhitchini."

"Zaka 27. Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa yani? Mwamuna wanga anali atauza kale anzake onse kuti Sumner wapeza mtsikana wanzeru wa pa Kenmere. Ndikanaimirira n'kunena kuti mwana wanga ndi wabodza, ndipo akukwatira wotsuka mbale?" Anavula magolovesi n'kuwapinda. "Ndinkadikira kuti tsiku lina ubwera wekha kudzandiuza. Ukanabwera, mwina ndikanakulemekeza. Sunabwere. Kenako ndinazindikira kuti bodza lako ndalinena kambiri kuposa iwe mwini."

"Ndiye munamusiya Tamsin achonge, mukudziwa?"

Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akusowa poyang'ana.

"Ndinkati ndiimba foni kamodzi, zitha. Kale zinkatero. Amene ndinkawadziwa onse anapuma ntchito." Anakweza chibwano. "Tamvera tsono. Tikalowa, ulankhule ukafunsidwa basi. Ndinena kuti unkaphunzira makalasi apadera uku ukugwira ntchito, ndipo mapepala a makalasi amenewo sanalowe m'kompyuta. Mwana anangosokoneza chaka. Achotsa kabokosiko, nkhani yatha. Tamsin sadziwa kanthu."

Mu ofesi muja amene anatilandira anali mayi wachitsikana, Mayi Villanueva, wachiwiri kwa mkulu wa ofesiyo. Anatipatsa khofi. Mayi Loring analankhula kwa mphindi khumi. Anatchula mwamuna wawo, apongozi awo, chipinda cha mu laibulale chimene chili ndi dzina la Loring, kenako makalasi apadera aja. Mayi Villanueva anamvetsera osawadula, chimangirizo cha Tamsin chili patebulo patsogolo pawo. Ndinaona kuti mizere ina anaidula mzere kunsi ndi pensulo.

"Chimangirizo ichi tinachikonda tonse," anatero. "N'chifukwa chake ndinapita kukafufuza dzina lanu. Ndinkafuna kuona chithunzi cha mtsikana wa pansi pa tebulo lositira." Anandiyang'ana ine. "Mayi, ngati munaphunzirako makalasi apadera, mungondilembera kalata yotsimikiza n'kusainira. Ndiiika m'failo ya mwana wanu. Munaphunzirako?"

Anandisunthira pepala ndi cholembera. Bondo la Mayi Loring linagunda langa.

Ndinayang'ana pepalalo. Likanalowa m'failo ya Tamsin n'kukhalamo zaka zonse zinayi, ndipo tsiku lililonse wina akanatha kulitsegula. Wothamangitsidwa akanakhala iyeyo, osati ine.

"Ayi," ndinatero. "Sindinaphunzireko kalasi iliyonse. Ndinkagwira ntchito kukhitchini, kuyambira 94 mpaka 98. Mwana wanga sadziwa. Analemba zimene ndinamuuza."

Mayi Loring anaimirira, anatenga chikwama chawo n'kutuluka.

Mayi Villanueva anatenga pepala lija n'kuliika pambali. "Zikomo pondiuza," anatero. "Koma amene anasainira fomuyi ndi Tamsin. Sindingakonze kanthu popanda iye. Ndidikira mpaka Lachisanu kuti andilembere yekha. Likadutsa Lachisanu, ndidzayenera kumulembera ine."

Pobwerera, maola anayi onse, apongozi anga ananena chinthu chimodzi: "Wataya mwayi wa mwana chifukwa chofuna kupepukidwa mtima."

7

Lachitatu masana ndinakamutenga Tamsin kusukulu. Anadabwa kundiona, poti amabwera yekha pabasi. Analowa m'galimoto akuseka.

"Agogo awathira mphepo? Mwapezeka?"

Sindinalize injini. Ndinamuuza zonse, titakhala pamalo oimika magalimoto, anzake akudutsa ndi zikwama. Ndinayamba ndi epuloni, ndinamaliza ndi pepala la Mayi Villanueva. Sanandidule. Ankangoyang'ana kutsogolo.

"Chipinda chanu chija cha pansanjika yachitatu, chimene chinkayang'ana kumtsinje," anatero pamapeto pake.

"Chinali cha bambo ako."

"Pulofesa uja anakulemberani pa pepala kuti muli ndi mutu wabwino?"

"Analiko. Ankakonda supu wa nyemba. Sanandilembere kanthu."

"Adadi akudziwa?"

"Ndi amene anayamba. Ine ndinapitiriza."

"Agogo?"

"Kuyambira kale."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye patebulo paja chitsiru ndinali ndekha."

"Tamsin, ndinkachita manyazi."

"Manyazi a chiyani? Mukuganiza kuti ndikanakunyozani chifukwa munkatsuka mbale? Ndikanalemba zomwezo, amayi. Chikanakhala chimangirizo chabwino kuposa chija." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ndinakuwerengerani kukhitchini. Munalira. Ine ndinkati mukulira chifukwa chonyadira. Munandionerera ndikulemba dzina langa pansi pa mawu akuti zonse n'zoona, muli chiimire kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa langa."

"Ndinayesa kukuuza."

"Munandifunsa ngati ndikufuna tiyi."

Anatsegula chitseko. Ndinamugwira mkono, koma anauchotsa mofatsa, ngati akuchotsa wa mlendo.

"Ndikwera basi," anatero.

Ndinaitsatira basiyo pambuyo mpaka kunyumba, ndikuima paliponse pamene inaima.

8

Lachinayi Tamsin analembera Mayi Villanueva. Sanationetse kalatayo. Anayankhidwa kuti akhoza kukonza fomu n'kulemba chimangirizo china, ndipo dzina lake liganiziridwa pamodzi ndi gulu lachiwiri. Koma iye anati Kenmere sakuifunanso. Bambo ake anamuchonderera, agogo ake anabwera okha kunyumba kudzamuuza kuti mibadwo itatu siitayidwa chifukwa cha kupsa mtima kwa sabata imodzi.

"Agogo," anatero Tamsin, "mukanakhala kuti mumandiona ine osati khoma la zithunzi lija, mukanandiuza mu Seputembala."

Anachotsa dzina lake ku Kenmere. Pano ali chaka choyamba pa yunivesite ya boma ku Wisconsin, kumene kulibe aliyense wodziwa a Loring. Akuti akufuna kudzakhala katswiri wa za nthaka.

Mayi Loring anauza abale kuti mwanayo anasankha yekha sukulu ya sayansi, ndipo abalewo anavomera. Za ine sanauze munthu. Lamlungu timapitabe kukadya kwawo. Msuweni uja amanenabe kuti tinkaphunzira limodzi. Kamodzi ndinamuyankha kuti, "Ayi, ndinkakugawira mazira." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti Noreen ndi wanthabwala. Sumner anayang'ana m'mbale. Ine ndi iye tikukhalabe nyumba imodzi, timalankhulana mwaulemu, koma sindikudziwa ngati ndidzamukhululukire, kapena ngati ndili ndi ufulu womuimba mlandu.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi kanthu kanu kamene munangomwetulira tsiku lina m'malo mokonza. Mwina mukuti mudzanena mwana akakula, kapena wodwala akachira. Ine ndinkaganiza kuti bodza langa n'langa ndekha, ndipo ngati lidzapweteka munthu, lidzapweteka ine. Sindinkadziwa kuti ana amamanga nyumba zawo pa nkhani zimene timawauza. Amene ndinkawaopa ankadziwa kale. Amene sanadziwe ndi yekhayo amene akanandilandira ndi epuloni yanga.

Tamsin amaimba foni Lamlungu lililonse madzulo. Timakamba za nyengo, za mayeso, za mnzake wa m'chipinda amene satsuka makapu. Mwezi watha anali ndi chimfine, ndiye ndinamuuza kuti ndili mwana amayi anga ankandiphikira anyezi ndi uchi, n'kundikhazika pafupi ndi makina oumitsira zovala kuti nditenthedwe.

"Zimenezo zinachitikadi, amayi?" anafunsa.

Sanafunse mwaukali. Ankangofuna kudziwa. Ndinati inde, zinachitikadi, ndipo iye anati chabwino. Tsopano amafunsa choncho pa nkhani iliyonse ya ubwana wanga, ndipo ine ndimayankha, podziwa kuti alibe njira ina yodziwira koma mawu anga.